Chingwe cha Mfundo Zitatu

Pamaliro a mnzanga amene tinkakhala naye benchi limodzi kutchalitchi sindinalire mokwanira, ndipo chinandilepheretsa ndi chithunzi. Mwana wake woyamba ankayenda kutsogolo kwa bokosi atachinyamula m'felemu, monga achitira masiku ano. Nditachiyang'ana ndinafunsa mayi amene ndinayandikana naye kuti kodi tabwera pamaliro a yani. Chithunzicho anachidula mu foni, pagulu la anthu a paukwati wina, n'kuchikulitsa mpaka nkhope inasungunuka ngati sopo wogonera m'madzi. Chakumbali kunkaoneka phewa la mwamuna wosadziwika. Mayi amene moyo wake wonse sanatulukepo panja duku litapendama anapita kumanda ndi phewa la mwamuna wa eni pakhutu.

Pobwerera, anzanga ankayamikira ulaliki. Ine ndinkafufuza mumtima kuti zithunzi zanga zili kuti. Ndinapeza chimodzi chokha, cha pachitupa, chimene ndikuoneka ngati andigwira ndi matumba a makala pamsewu. Ana anga ndimawadziwa. Ndi ana abwino, koma tsiku limenelo adzakhala pa liwiro, adzatola chimene chili pafupi, ine ndili gone osatha kuwaletsa. Ndinati ayi, nkhani iyi ndiikonza ndekha maso adakapenya.

Chochititsa manyazi n'chakuti ine ndine mkazi wa wojambula zithunzi. Malemu amuna anga anajambula anthu kuyambira pamalire a Mozambiki mpaka ku Thambani: ofuna zitupa, akwati, ana obatizidwa, madalaivala a mathiraki ofuna kutumiza nkhope zawo kwa akazi awo, ndi ena amene sindikukhulupirira kuti anali akazi awo. Kamera anaipeza kwa bambo wina wa ku Tete nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, anthu akubwera kuno mitolo ili pamutu. Anasinthana ndi wailesi ndi thumba la chimanga. Ndi yachitsulo, yolemera ngati mwala wonolera mpeni, ndipo silira batire. Ukasuzumira pakazenera kake, pakati pamaoneka kachigamba kowala. M'kachigambamo munthu amaoneka pawiri, ndiye umazungulitsa galasi la kutsogolo mpaka awiriwo atakumana n'kukhala munthu mmodzi. Akakumana, nkhope imatuluka bwino mpaka nsidze kuwerengeka.

Ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri, amuna anga anagwa nayo panjinga pamtsetse wa njira ya ku Thambani. Kuyambira tsiku limenelo kachigamba kaja kanayamba bodza: awiri aja amakumana bwinobwino, koma chithunzi chimatuluka chachimbuuzi. Ine nthawi imeneyo ndinali kwa amayi anga ku Nthache, kudikira. Nditabwerako ndi khanda kumsana ndinapeza pakamera atamangirira chingwe chanayiloni cha mfundo zitatu, ndipo pamkombero wa galasi atakanda timizere titatu ndi msomali.

"Mfundo yoyamba ndi ya chitupa," anandiuza. "Yachiwiri ndi mamita awiri, ya munthu mmodzi wofuna kuoneka bwino. Yachitatu ndi ya banja lonse. Ine ndiziika galasi pakamzere, inu muzikoka chingwe. Ntchito mwaipeza, mayi."

Ntchito imeneyo ndinaigwira zaka zambiri, ndipo palibe anaigwira kuposa ine. Ndinkakoka chingwe mpaka chitati nga, n'kuika mfundo pansonga ya mphuno ya munthu. "Mphuno apa, bambo. Musasunthe." Kenako ndinkachiponya pansi n'kudumphira pambali. Kumva chonchi mungati n'zophweka. Koma munthu ukangomusiya amaweramira kutsogolo ngati akufuna kununkhiza kamera, kapena amadzikweza pachifuwa n'kubwerera m'mbuyo. Ine ndinkamuona. Ndinkaona kolala yopindika, ntchentche pamapewa, ndiponso dzanja la munthu woima kumbuyo kwathu pamsika limene likuyandikira chikwama.

Madalaivala ndiwo anali ndi pakamwa. "Amayi, mukutiyeza bokosi kodi?"

"Bokosi tikuyezani mawa. Lero mphuno yokha, ndipo yanuyi yatenga theka la chingwe."

Ndiye mwaona chifukwa chake ndilibe chithunzi. Wogwira chingwe sajambulidwa. Amuna anga anayesa kangapo kuti mwana andigwirire, ndinakana. Mwana amachigwira molendewera, maso ali kwa anzake. Iwo ankaseka amvekere, "Inu mayi, ngakhale mchere mumayamba mwaulawa musanavomere kuti ndi mchere." Ndinkati mawa, mawa. Kenako kunabwera mafoni, anthu anasiya kutiitana, iwo anadwala n'kutisiya. Kamera ndinaikulunga m'chitenje n'kuikhomera m'sutikesi. Mwezi uliwonse ndimaitulutsa, kuikoka ndi kuiliza kangapo yopanda filimu, chifukwa ankati mafuta a m'kati amauma ngati mawondo a munthu wongokhala.

Ndili ndi mdzukulu wamkazi ku Blantyre, mwana wa mwana wanga woyamba, mayi wamkulu ndithu, amene amajambula maukwati. Magazi a agogo ake anapita kwa iyeyo. Ndinamuimbira.

"Ndikufuna undijambule cha pamaliro anga."

"Agogo! Mwayamba kudwala?"

"Ndikadwala ndidzaoneka bwanji? Ndikufuna pano ndidakali ndi masaya."

"Nanga si ndinakujambulani kambirimbiri pa Khirisimasi?"

"Zili kuti?"

Foni imene anandijambulira anamubera m'minibasi ku Limbe, ndipo ankaganiza kuti sindinamve. Ndinamufotokozera za chithunzi cha pamaliro aja, n'kumuuza kuti ndikufuna cha filimu, chokhala ndi negetivu yake, chinthu chimene ndingachigwire m'manja, kuchiunika padzuwa, n'kuchitsekera m'chitini. Wina akataya chithunzi, negetivu imabala china.

Anabwera patatha milungu itatu, nthawi ya manachesi. Anatsika pakabaza ndi chikwama chimene ankachigwira ngati muli mazira. M'menemo munali kamera imene anabwereka kwa abwana ake, ndi filimu imodzi yokha. Anati filimu masiku ano ndi yosowa, ndipo kotsukitsa kodalirika ndi ku Joni, kudzera kwa mlamu wake woyendetsa thiraki amene amadutsa pamalire pompano. Filimu imodzi siilowa makamera awiri. Tinayenera kusankha.

Ndinene zoona, kamera ya abwana akeyo inali yokongola. Mtundu wake ndi womwewo wa kachigamba, koma yopangidwa zaka zaposachedwa, yopepuka, yosakandika paliponse. Anandipatsa kuti ndisuzumire. Maso anga okalambawa anaona kachigamba kowala ngati m'mawa mvula itakata, pamene ka kamera yathu kanachita chikasu ngati dzino la wosuta fodya. M'munsi munkayaka timagetsi tofiira touza munthu ngati kuwala kwakwana. Ndinaibweza osaiyamikira. Kuyamikira chinthu pamaso pa mwini wake n'kudzimanga wekha.

"Timagetsito tikudya chiyani?"

"Kabatire kakang'ono, agogo, ngati batani la malaya."

"Kakatha?"

"Ndi katsopano."

"Wakuuza ndani? Wogulitsa?"

Anaseka. "Agogo, iyi siinama. Ndikasuzumira n'kukumanitsa awiriwo, basi, mwatuluka bwino. Ya agogo aamuna ija yakhala m'sutikesi zaka zingati? Mwina m'kati muli nkhungu, mwina ikulowa kuwala. Tidzadziwa filimu itapita kale ku Joni."

"Wosuzumirayo ndani?"

"Ine."

"Iwe wovala magalasi a maso? Diso lako ndinaliyesa liti?"

Ndinati tiziyese zonse ziwiri zopanda filimu. Ndinatulutsa mpando panja, ndinakoka chingwe kuchokera pamene anaima mpaka mfundo yachiwiri inakhudza msana wa mpandowo. Ndinamuuza kuti aloze mpandowo ndi kamera yatsopano, akumanitse awiri aja, andiwerengere nambala ya pagalasi. Ikakhala yoona inene mamita awiri.

Sinanene mamita awiri. Inaperewera.

"Waona?" ndinatero. "Yabodza. Bweza kwa abwana ako."

Mwanayu anatengera ine kuuma mutu. Anapita kwa telala woyandikana nafe, bambo wachikulire amene makina ake ali pakhonde, n'kubwereka tepi. Anaiyala pansi m'mbali mwa chingwe. Tepi inagwirizana ndi kamera yatsopano: chingwe changa chinaperewera ndi chikhatho chathunthu ndi zala ziwiri. Ndinati tepi ya telala imatamuka, n'chifukwa chake madiresi ake amathina m'khwapa. Ndinamutuma kwa mmisiri amene ankamanga nyumba kuseri kwathu akabwereke yachitsulo. Yachitsulo inanena chimodzimodzi.

Ndinakhala pampando womwe uja. Zaka zonsezo ndinkauza anthu pamsika mokweza kuti mamita awiri ndendende, wotsutsa abwere ndi tepi. Mwayi wanga palibe anabwera nayo.

"Mwina chinafupika ndi kukalamba," anatero mdzukulu wanga mofatsa, "kapena agogo aamuna anayeza molakwika. Koma tikachitsatira, agogo, mudzatuluka ngati amayi a pamaliro aja."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinamuyankha kuti ndamva, tijambula mawa ndi yatsopanoyo. Chingwe ndinachikulunga padzanja, ndinakachiika pawindo.

M'mawa mwake ndikusesa pansi pa mtengo wa manachesi, mutu unakana kugonja. Ngati chingwe chinali cholakwa, bwanji anthu ankatuluka bwino? Ndi maso angawa ndinaona zithunzi zosawerengeka zikutuluka nsidze zili mbee. Palibe anabweza chithunzi n'chimodzi chomwe, ndipo anthu a pamalire sachita manyazi kubweza chinthu. Nayiloni safupika chikhatho chathunthu ali m'sutikesi. Tsache lili m'manja, ndinakumbukira mkangano wina wakalekale.

Nditangobwera kuchokera ku Nthache ndi khanda lija, ndinapeza envulopu yodzaza zithunzi za mpando. Mpando wokhawokha, atamata nyuzipepala pamsana pake. Ndinakalipa tsiku lonse. Mwana alibe matewera okwanira, munthu wamkulu n'kutha filimu yathunthu kujambula mpando! Iwo anangoti, "Mudzamvetsa," n'kutuluka. Sindinamvetse, koma sindinataye, chifukwa ine sinditaya kanthu. Chimene wataya ndi chimene adzakunamizire nacho.

Ndinasiya tsache, ndinakatsegula chitini cha pansi pa bedi. Envulopu inalipo, yofiirira ndi ukalamba. Ndinayala zithunzizo pamphasa n'kumuitana mdzukulu wanga. Mpando uja unali pamalo osiyanasiyana, ndipo pansi pankaoneka mizere yolembedwa ndi khala. M'zithunzi zambiri nyuzipepala inali chimbuuzi chokhachokha. Kuseri kwake amuna anga analemba ndi pensulo: "patali," china "pafupi," china "patalibe." Koma pazithunzi zitatu zilembo za nyuzipepala zinkawerengeka mpaka ting'onoting'ono ta m'munsi. Kuseri kwa zitatuzo analemba liwu limodzi: "apa."

"Werenga," ndinamuuza.

Anatembenuza chimodzi, n'kutembenuza china. Anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso.

"Sanayeze ndi tepi," ndinatero. "Kamera itagwa, galasi linasuntha, manambala ake onse anasanduka abodza. Ndiye anaika galasi pakamzere, n'kumasuntha mpando mpaka pamene kamerayi ikuona bwino, n'kumanga mfundo pamenepo. Chingwechi sanamangire telala, sanamangire mmisiri. Anamangira kamera iyi yokha. Zoti mamita awiri anangondiuza kuti ndisawavutitse ndi mafunso."

"Ndiye kuti zonse ziwiri zikunena zoona."

"Yatsopanoyo ikunena zoona kwa aliyense. Yathuyi imanena zoona kwa amene akuidziwa."

Anakhala kanthawi akuyang'ana zolemba za agogo ake. Kenako anabwerera ku nkhawa zake, ndipo sindimuda, ndi ntchito yake. Nanga ngati chotsekera cha m'kati chikuchedwa? Nanga kuwala kukamalowa m'mbali? Ndinatenga kamera, ndinatsegula kumbuyo, ndinailozetsa kumwamba monga ankachitira mwini wake, n'kumuonetsa kansalu kakuda ka m'kati kuti kalibe kabowo ngakhale ka singano. Ndinaiika padzuwa pang'ono kuti mafuta afewe. Ndinaiika pakhutu pake n'kuiliza, yofulumira ndi yochedwa, kuti amve yekha kuti mawu ake ndi osiyana bwino. Za m'mbalizo ndinamutuma kwa wokonza njinga akagule tepi yakuda yomatira mawaya, timate mipata yonse filimu ikalowa.

"Agogo," anatero, "ine ndikanasankha yatsopano, sindikubisirani. Koma nkhope ndi yanu, maliro ndi anu. Nenani."

Ndinaziyang'ana zonse ziwiri pamphasapo. Ndi yatsopano, ntchito yanga ikanakhala kukhala pampando manja ali pamiyendo, n'kukhulupirira diso la wina, batire la wina, kamera ya munthu amene sindinamuonepo. Ndi yakale, dzanja langa likanakhala m'ntchitomo. Ikalakwika ndidziwa wolakwa.

"Filimuyo ika m'yathu."

Yatsopanoyo sitinainyoze. Inagwira ganyu. Mdzukulu wanga anaigwiritsa ntchito kuyeza kuwala ndi timagetsi take tija, n'kukopera manambalawo pa yakale. Anali manambala omwewo amene amuna anga ankaika pamthunzi wa m'mawa, ndipo ndinamuuza asanawerenge, kuti adziwe.

Ndinavala bulauzi yoyera ndi chitenje chimene ndinkasungira tsiku losadziwika. Duku ndinamanga katatu lisanakhale momwe ndikufunira. Tinasankha khoma la njerwa la kumbali kwa nyumba, kumene dzuwa silimenya m'maso. Iye anaika galasi pakamzere kachiwiri, ndinapita kukaona ndekha ngati waikadi pakamzere. Kenako ndinatenga chingwe, ndinabwerera m'mbuyo mpaka chinati nga, n'kuika mfundo yachiwiri pamphuno yanga.

Zaka zonse zija sindinadziwe kuti mfundoyo imakanda.

"Mphuno apo, mayi," anatero mwana wopanda ulemuyo. "Musasunthe."

"Iwe, jambula. Ine ndinayamba kuimika anthu amayi ako asanayambe sukulu."

Ndinkaponya chingwe, mutu osagwedezeka, iye n'kuliza. Kutola, kukoka, kuponya, kuliza. Nthawi zina ndinkamva kamera ikulira chingwe chidakali m'manja, ndipo ndinamukalipira kuti akuwononga filimu ngati agogo ake. Anati chala chinaterereka. Chala choterereka kasanu sindinachionepo.

Filimu itatha anaibweza m'kachitini kake, ndipo ndinaiperekeza ndekha kumalire. Mlamu wakeyo ndinamuyang'ana bwinobwino, ndinaloweza nambala ya thiraki yake, n'kumuuza kuti asaiike pamene pamatentha. Anati, "Agogo, ndimanyamula katundu wa mamiliyoni." Ndinati katundu wa mamiliyoni akatayika amagula wina.

Inatenga milungu isanu ndi iwiri. Thiraki iliyonse yolira pamsewu ndinkaitchera khutu. Ndinkaganiza za kansalu kaja, kuti mwina kabowo kanalipo koma maso anga sanakaone, ndiponso kuti mwanayu adzangoti, "Ndinanena." Sindinauze munthu kuti ndikuopa.

Anabwera nazo yekha Loweruka lina, envulopu ili m'manja, nkhope osaonetsa kanthu. Ndinasamba m'manja ndisanazigwire. Zitatu zoyambirira zinali ndi mzere wofiira pakona, pamene kuwala kunaba njira tisanamalize kumata. Chachinayi chinali choyera. Ndinachitengera pakhomo pamene pali kuwala.

Ndinaona mayi wachikulire ataima mowongoka kutsogolo kwa njerwa. Ulusi wa duku unkawerengeka. Makwinya onse analipo, lililonse pamalo pake, ndi kachipsera ka pachibwano kamene ndinapsa ndili mtsikana. Maso ake ankayang'ana ngati akufunsa kuti wabwera kudzatani pakhomo pano. Ndinali ine, osati wina.

"Chingwe chaperewera chikhatho," ndinatero momuseka.

"Ndagonja, agogo."

"Nena mokweza, telala amve."

Telalayo anamvadi, anasiya makina n'kubwera. Ankaona chimodzichimodzi akugwedeza mutu, mpaka anafika pa zija za chala choterereka. Pa chimodzi ndaima chingwe chili nga kuchokera pamphuno kupita kwa wojambula, dzanja langa litatsina mfundo, diso limodzi likuyang'ana ngati mwanayo waika galasi pakamzere. Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Mphuno apa, bambo! Musasunthe!" anakuwa. "Mayi, munandigwira chonchi pamsika ndikufuna chitupa chopitira ku Zobue. Ndinaopa ngakhale kuphethira. Ichi ndiye ndinu. Enawa ndi mayi wina aliyense wa kutchalitchi."

Ndinali nditasankha kale china, cha manja pamimba, chaulemu. Ndinaziika pamodzi ziwirizo n'kuziyang'ana mpaka tiyi anazizira. Cha ulemucho chinali chabwino, palibe akanachinena. Koma amene adzabwere pamaliro anga, achikulire a kumalire, a ku Thambani, a ku Nthache, ambiri a iwo mfundo imeneyi inawakanda pamphuno. Akadzaona chingwe sadzafunsa kuti tabwera pamaliro a yani.

Ndinasankha cha chingwe. Tinatsukitsa zitatu zazikulu. Chimodzi chili ndi mdzukulu wanga, china ndi mwana wanga wamkazi, chachitatu ndinapatsa mayi wina wa kumpingo amene sagwirizana ndi onse awiriwo, kuti pasadzakhale upo wosintha. Kuseri kwa chilichonse ndinalemba ndi pensulo liwu limodzi lija la amuna anga: "apa."

Kamera yatsopano inabwerera kwa mwini wake yosakandika. Yathu mdzukulu wanga waipempha kawiri, ndamuuza kuti adzaitenga pamodzi ndi chingwe chake, zisadzasiyane, koma osati lero. Negetivu ili m'chitini pamodzi ndi zithunzi za mpando, ndipo kiyi ali m'chiuno mwanga.